Kusintha ndi Kubalansa Matayala a Njinga Yamoto Pakhomo

Mawu oyamba

Njinga yamoto yasanduka chuma cha mabanja ambiri. Ndi imene imabweretsa ndalama ya ufa kwa mnyamata wa kabaza, imathamangitsira wodwala kuchipatala usiku, imatuta feteleza kuchokera kumsika, ndiponso imafikitsa mphunzitsi ndi mlangizi wa zaulimi kumadera kumene minibasi sifikako. Koma njinga yonseyo, pamodzi ndi okwera ndi katundu wawo, imagunda pansi pa malo awiri okha, ndipo malo alionse sakula kuposa chikhatho cha dzanja lanu. Moyo wa okwera umadalira malo awiriwo.

Kabuku aka talembera eni njinga zing'onozing'ono za 100cc mpaka 150cc, monga Lifan, Bajaj Boxer, TVS ndi zinzake, makamaka zamasipoko zokhala ndi chubu m'kati. Ntchito yosintha tayala mungathe kuigwira nokha pakhonde ndi zida zochepa. Langizo lathu lalikulu ndi ili: ndalama muipulumutse pogwira ntchito ndi manja anu, osati pogula tayala lotha kapena kubwezera chubu chodzaza zigamba.

Tikamati gudumu m'kabuku aka tikunena zonse pamodzi: limu, masipoko, habu ndi tayala. Tikamati tayala tikunena mphira yokhayo.

1. Zizindikiro za tayala lofunika kusintha

Musadikire kuti tayala lisalale mpaka ulusi kuonekera. Yang'anani zinthu izi:

- Mizere yafupika. M'kati mwa mizere ya tayala muli timapiri ting'onoting'ono ta mphira. Pambali pa tayala pamakhala zilembo TWI kapena kachizindikiro ka nsonga zitatu kolozera pamene tili. Pamwamba pa tayala pakalingana ndi timapirito, tayala latha. Mabuku ambiri a opanga njinga amalangiza kusintha mizere ikatsala mamilimita 1.5 kutsogolo ndi mamilimita 2 kumbuyo.
- Ming'alu m'mbali kapena m'kati mwa mizere. Mphira yauma ndi dzuwa ndi ukalamba.
- Chotupa pambali. Ulusi wa m'kati waduka, ndipo tayala lotere limaphulika mosachenjeza.
- Pakati paphwatalala pamene m'mbali mukadali mizere. Njinga yotere imavuta pokhota.
- Kuphwa pafupipafupi ngakhale simukuponda misomali.

Nthawi yabwino yosinthira ndi mvula isanayambe, cha mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala. Mizere ndiyo imakankhira madzi ndi matope kumbali. Tayala losalala limene limayenda bwinobwino m'chilimwe ndi lomwelo limakugwetsani pa phula lonyowa kapena pa dothi la katondo.

2. Werengani zolembedwa pambali pa tayala musanagule

Saizi. Mukaona 3.00-18, tayalalo ndi lotambalala mainchi 3 ndipo limalowa pa limu ya mainchi 18. Mukaona 2.75-17, limu yake ndi ya mainchi 17. Ena amalembedwa motere: 90/90-18, kutanthauza kutambalala kwa mamilimita 90 pa limu ya mainchi 18. Nambala yomaliza iyenera kufanana ndendende ndi ya limu yanu. Tayala la 17 sililowa pa limu ya 18, ndipo la 18 silingagwire pa limu ya 17. Chubu nachonso chikhale cha saizi yomweyo.

Mphamvu yonyamula. Pafupi ndi saizi pamakhala nambala ndi chilembo, monga 47P kapena 52P. Nambala 47 ikutanthauza kuti tayalalo lingasenze makilogalamu 175, pamene 52 ndi makilogalamu 200. Chilembo P chikunena liwiro losapitirira makilomita 150 pa ola. Mudzaonanso 4PR kapena 6PR: la 6PR ndi lolimba kuposa la 4PR. Kulemera kwa wokwera kumbuyo ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50 kumagwera pafupifupi konse pa tayala lakumbuyo, choncho wa kabaza achita bwino kuika la 6PR kumbuyo.

Tsiku lopangidwa. Funani manambala anayi ali m'kabokosi kozungulira. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mwachitsanzo 2322 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2022. Tayala limene lapitirira zaka 5 musaligule, ngakhale mizere yake ikuoneka yatsopano.

Muvi. Matayala ambiri ali ndi muvi wosonyeza mbali imene liyenera kuzungulira njinga ikamapita kutsogolo. Ena ali ndi mivi iwiri, wina wotsatira likaikidwa kutsogolo, wina likaikidwa kumbuyo.

Kadontho kachikasu. Ngati kalipo, kakusonyeza pamene tayala lapepuka. Kadonthoka kayenera kukhala pa valavu.

Za matayala a kaunjika tinene mosabisa. Mtengo wake umakopa, koma simudziwa kumene ayenda. Ngati thumba lakukakamizani, tembenuzani milomo yake muone m'kati monse, mufufuze zigamba, ulusi wotuluka ndi tsiku lopangidwa. Kutsogolo kokha yesetsani kuikako latsopano, chifukwa lakutsogolo likaphulika njinga siwongoleka.

3. Zida zofunika

- Maliva awiri kapena atatu, zitsulo zaphanthiphanthi zochotsera tayala
- Masipanala okwana manati a njinga yanu, ndi pulayala
- Kachitsulo komasulira kamtima ka valavu; zivindikiro zina za valavu zili nako kale kumutu
- Mpope ndi geji yoyezera mpweya
- Madzi a sopo m'kabekete ndi kansanza
- Paudala wa ana
- Choko, tepi yomatira, girisi pang'ono
- Matabwa awiri kapena tayala lakale logonekapo gudumu
- Zidutswa za chigubu chapulasitiki zotetezera limu kuti isakandike
- Kapini katsopano kotsekera nati ya ekiselo, ngati njinga yanu ili nako

Sikuludiraiva si liva. Nsonga yake imaboola chubu ndi kuluma mlomo wa tayala. Maliva ndi geji mukagula kamodzi mwagula, ndipo eni njinga a pa siteji imodzi kapena a m'mudzi umodzi angathe kusonkherana n'kumabwerekana.

Musapake oilo, girisi, dizilo kapena petulo pa tayala pofuna kuti literere. Mafutawa amaononga mphira, ndipo ambiri mwa iwo saphwa, kotero tayala limatha kuzungulira pa limu n'kuzula valavu. Madzi a sopo okha ndi okwanira.

4. Kuchotsa gudumu

Gwirani ntchito pamalo osalala, olimba, osesedwa bwino. Yalani thumba lopanda kanthu loikapo zitsulo. Musanamasule chilichonse, jambulani mbali zonse ziwiri ndi foni kuti pobwezera musasokonezeke. Tayala latsopano liikeni padzuwa kuti lifewe.

Gudumu lakumbuyo:

1. Gwedezani nati ya ekiselo njinga ikadali pansi, kenaka iimikeni pa sitandi yapakati.
2. Masulani nati ya kumapeto kwa ndodo ya buleki. Samalani kasipuling'i ndi kachitsulo kobulungira kamene ndodo imapyolamo.
3. Masulani chitsulo chimene chimagwira mbale ya buleki kuti isazungulire.
4. Masulani timanati tokokera tcheni mbali zonse ziwiri.
5. Chotsani nati, solani ekiselo. Ikakana, igogodeni ndi thabwa, osati hamala pa mazinga ake.
6. Pa njinga zina sipuloketi imatsala pa njinga, ndipo gudumu limachoka mukalikokera kumbali ya buleki. Pa zina mumakankhira gudumu kutsogolo n'kuvula tcheni.

Gudumu lakutsogolo: ikani chitsa kapena matabwa pansi pa injini kuti kutsogolo kunyamuke. Chotsani kebulo ya sipidomita ndi ya buleki, kenaka nati ndi ekiselo. Ngati buleki ndi ya disiki, musafinye chogwirira buleki gudumu litachoka, chifukwa mapadi amatsekana.

Timapaipi tating'ono tokhala m'mbali mwa habu, timene amakaniko amati masipesa, tiikeni motsatana monga tachokera. Kakumanja sikafanana ndi kakumanzere.

5. Kuchotsa tayala lakale

1. Chotsani chivindikiro, nati ya valavu ndi kamtima kake kuti mpweya wonse utuluke.
2. Gonekani gudumu pa matabwa kuti habu kapena disiki isagunde pansi.
3. Pondani m'mbali mwa tayala ndi zidendene kuzungulira konse, mbali zonse ziwiri, mpaka milomo yake italekana ndi limu.
4. Pakani madzi a sopo pa mlomo wapamwamba.

Apa ndi pamene pagona chinsinsi cha ntchito yonse. Pakati pa limu pali ngalande yozungulira, pamene pamatulukira mitu ya masipoko. Mlomo wa tayala uli ndi waya m'kati ndipo sutamuka. Umadutsa m'mphepete mwa limu pokhapokha mbali inayo italowa m'ngalandemo. Choncho gwadirani tayala ndi maondo mbali yoyang'anana ndi valavu kuti mlomo utsikire m'ngalande, ndipo muyambe kutukula ndi liva pafupi ndi valavu.

5. Lowetsani nsonga yokha ya liva, ingokola mlomo basi. Mukailowetsa kwambiri mutsina chubu.
6. Ikani liva yachiwiri pa mtunda wa zala zitatu kapena zinayi kuchokera pa yoyamba. Pitirizani pang'onopang'ono mpaka mlomo wonse utatuluka.
7. Solani chubu kuyambira mbali yotalikirana ndi valavu, valavu ituluke pomaliza.
8. Imikani gudumu, kolani mlomo wachiwiri ndi liva, ndipo mukankhe tayala lichokere mbali yomweyo.

Mukaona kuti mukulimbana ndi tayala mpaka thukuta, imani. Vuto si kuchepa kwa mphamvu zanu ayi, koma mlomo wambali inayo watuluka m'ngalande. Ubwezereni, onjezani sopo, yambaninso. Kuthamanga sikufika.

6. Yang'anani limu tayala lisanalowe

Mwayi woona m'kati mwa limu supezeka kawirikawiri, ndiye musauphonye. Palani dzimbiri ndi sandipepa kapena bulashi yawaya, mupukute bwino. Lamba wa mphira wophimba mitu ya masipoko akhale wathunthu. Akaduka gulani wina, kapena dulani lamba wofanana naye kuchokera ku chubu chakale n'kuboola pa valavu. Sipoko yotulukira m'kati iperesedwe ndi fayilo, chifukwa ndi imene imaboola machubu mobwerezabwereza.

Gogodani masipoko onse ndi sipanala. Yolimba imalira mokweza, yomasuka imangoti phwa. Pisani chala m'mabeyaling'i muwazungulitse: akamakhakhala kapena kugwedera, asintheni. Onaninso malabala a m'habu yakumbuyo ndi mashuzi a buleki. Fumbi la buleki lipukuteni ndi kansanza konyowa, musaliuzire ndi pakamwa, chifukwa ndi loipa m'mapapo.

Tayala latsopano limafuna chubu chatsopano. Chubu chakale chimakhala chitatamuka, ndipo m'tayala latsopano chimapindika, popindikapo n'kudzang'ambika. Chakalecho, ngati chili ndi chigamba chimodzi kapena ziwiri zomatidwa bwino, chisungeni cha pangozi. Chong'ambika pa tsinde la valavu sichimatika.

7. Kuika tayala latsopano

1. Onani muvi, muonenso mbali imene gudumu limazungulira likakhala pa njinga. Ambiri amalakwitsa pomwepa n'kubwereza ntchito yonse.
2. Pakani sopo pa mlomo woyamba, ukankhireni pa limu ndi manja ndi maondo. Liva ithandize pomalizira pokha.
3. Zungulitsani tayala kuti kadontho kachikasu kafike pa bowo la valavu.
4. Pakani paudala pa chubu, ndipo muchipope pang'ono chabe kuti chingotenga maonekedwe ake. Chubu chophwereratu ndi chimene chimatsinidwa ndi liva.
5. Lowetsani valavu pa bowo, muikepo nati mongokoletsa, kenaka lowetsani chubu chonse mosapotoka.
6. Pakani sopo pa mlomo wachiwiri. Yambirani mbali yoyang'anana ndi valavu, mukumalizira pa valavu. Maondo asachoke pa mbali imene yalowa kale, kuti mlomo ukhalebe m'ngalande.
7. Tengani pang'onopang'ono, ndipo liva isapitirire poima chilili. Mukaigonekera kutsidya, nsonga yake imafinyira chubu ku limu.
8. Pomaliza kankhirani valavu m'kati pang'ono kuti tsinde lake lisapanidwe ndi mlomo wa tayala.

Popani mpaka tayala litakhala bwino, koma musapitirire 40 psi. Pambali pa tayala, pafupi ndi limu, pali kamzere kozungulira. Kamzereka kaoneke mofanana kuzungulira konse, mbali zonse ziwiri. Pamene kabisala, phwetsani, pakani sopo, dunditsani gudumu pansi, mupopenso. Zikakhala bwino, phwetsani kamodzinso ndi kupopanso kuti chubu chiyalike, kenaka ikani mpweya woyenera. Donthezeranipo madzi a sopo pa valavu muone ngati pakutuluka thovu.

Nati ya valavu musaimange zolimba pa limu. Ibwezereni m'mwamba ikagundane ndi chivindikiro. Mukatero, tayala likayamba kuseseleka pa limu valavu imapendekeka n'kukuchenjezani isanazuke.

8. Kubalansa gudumu

Palibe tayala kapena limu yolemera mofanana mbali zonse. Mbali yolemera imakoka gudumu nthawi iliyonse likazungulira, ndipo liwiro likamakwera kukokako kumakula kwambiri. Pa msewu wafumbi, poyenda pang'onopang'ono, mwina simungamve kanthu. Koma pa phula, monga mu msewu wa M1, mukafika makilomita 60 kapena 80 pa ola, mahandulo amanjenjemera, manja amachita dzanzi, tayala limadyeka mbali imodzi, ndipo mabeyaling'i sakhalitsa. Kubalansa ndiko kuika kolemera pang'ono mbali yopepuka kuti gudumu lilingane. Gudumu lakutsogolo ndilo lofunika kwambiri.

Makina safunika. Chitani motere:

1. Tsukani matope onse pa limu, masipoko ndi habu. Chotsani mbale ya buleki ndi masipesa.
2. Pisani ekiselo m'gudumu, ndipo nsonga zake muzisanjike pa mipando iwiri yofanana msinkhu kapena pa milu iwiri ya njerwa. Gudumu lilendewere pakati osakhudza kanthu, ekiselo isapendekeke, ndipo pakhale popanda mphepo.
3. Zungulitsani gudumu pang'ono, mulisiye liime lokha. Ngati mabeyaling'i akugwira, potozani ekiselo uku ndi uku ndi zala kuti gudumu limasuke.
4. Likaima, lembani ndi choko malo amene ali pansi penipeni.
5. Bwerezani katatu. Likamaima malo osiyanasiyana, gudumu lili bwino, palibe choonjezera. Choko chikamabwerera pansi nthawi zonse, pamenepo ndiye polemera.
6. Choko chili pansi chomwecho, matani kolemera ndi tepi pa limu pamwamba penipeni. Yambani ndi magalamu 10.
7. Zungulitsani gudumu kuti kolemerako kakhale pambali, molingana ndi ekiselo, ndipo mulisiye. Kakakwera m'mwamba, kachepa: onjezani. Kakatsikira pansi, kachuluka: chepetsani. Gudumu likangokhala duu, mwapeza.
8. Liyeseni malo ena atatu kapena anayi. Gudumu lolingana limakhala paliponse pamene mwalisiya.

Tsopano mangani kolemerako kuti kakhazikike. Okonza matayala a galimoto amagulitsa tizitsulo tomata ta magalamu 5 ndi 10. Pukutani limu iume bwino musanamate. Pa gudumu lamasipoko muthanso kukulunga waya wa mtovu, uja amawotcherera nawo mawailesi, pa sipoko pafupi ndi limu, n'kuufinya ndi pulayala. Waya wotere musausiye poti ana angaufikire, ndipo musambe m'manja mukatha. Manati omata ndi tepi ndi oyesera chabe, sayenera kupita nawo pamsewu.

Gudumu likafuna magalamu opitirira 60, phwetsani tayala, mulizungulitse pa limu theka la ulendo, valavu ikhale pomwe ili, ndipo muyesenso. Dziwaninso kuti kubalansa sikuchiza limu yopindika, masipoko omasuka kapena tayala losakhala bwino. Gudumu likamayenda mokhotakhota pozungulira, konzani zimenezo poyamba.

9. Kubwezera gudumu pa njinga

Pukutani ekiselo, muipake girisi wochepa. Girisi kapena sopo zisakhudze mashuzi, mapadi kapena disiki. Bwezerani masipesa monga mwa chithunzi chija. Kutsogolo, onetsetsani kuti mano a giya ya sipidomita alowa m'malo mwake.

Kumbuyo, kokani tcheni mofanana mbali zonse ziwiri, potsata timizere tolembedwa pa chitsulo chogwira gudumu. Pa njinga zambiri zotere tcheni chimayenera kusewera masentimita 2 mpaka 3 mukachikankha ndi chala pakati. Pondani buleki pamene mukumanga nati ya ekiselo kuti mashuzi akhale pakati. Mangani zolimba, ikani kapini katsopano, osati msomali kapena waya. Musaiwale chitsulo chogwira mbale ya buleki, chifukwa chikatsala chomasuka buleki imakanika kapena gudumu limamangika muli pa liwiro.

Zungulitsani gudumu ndi dzanja, yesani mabuleki onse awiri. Wa disiki afinye chogwirira kangapo mpaka chitalimba. Yendani pang'onopang'ono pabwalo musanakwere msewu, kenaka onaninso manati. Tayala latsopano limaterera poyamba, choncho makilomita 100 oyambirira muyende mofatsa, makamaka pokhota.

10. Mpweya ndiwo moyo wa tayala

Mlingo woyenera walembedwa m'buku la njinga, kapena pa kapepala komatidwa pa chophimba tcheni kapena pafupi napo. Pa njinga zambiri zazing'ono umakhala pafupifupi 25 psi kutsogolo ndi 29 psi kumbuyo, ndipo kumbuyo umakwera kufika 32 kapena 33 psi ponyamula munthu. Mageji ena amawerenga mu bar: 2.0 bar ndi pafupifupi 29 psi. Nambala yolembedwa pa tayala ndi malire a tayalalo, si mlingo woyendera tsiku ndi tsiku.

Yezani kamodzi pa sabata, m'mawa matayala asanatenthe. Kufinya ndi chala kapena kumenya ndi phazi sikuyeza. Mpweya ukachepa tayala limatentha, limang'ambika m'mbali, chubu chimatsinidwa mukagunda dzenje, ndipo petulo amatha msanga. Ukachuluka tayala limadyeka pakati ndipo siligwira bwino msewu. Madzulo aliwonse zulani timiyala, minga ndi timagalasi tokanirira m'mizere, ndipo njinga muziimika pamthunzi.

11. Zofunika kupita nazo kwa makaniko

Tayala lolembedwa Tubeless pa limu yopanda masipoko limafuna mpweya wamphamvu wa kompuresa kuti milomo yake ikhale, ndiye mukaliika pitani nalo kwa okonza matayala. Musayese n'komwe njira yothira petulo m'tayala n'kuyatsa moto: imaotcha nkhope ndi kuphulitsa tayala. Limu yosweka kapena yopindika kwambiri, masipoko ambiri oduka, ndi mazinga a ekiselo okudzuka, zonsezi n'zofuna mmisiri wodziwa.

Mawu omaliza

Tayala loyamba lidzakutengerani nthawi, lachiwiri lidzapepuka. Ngati n'kotheka, koyambako itanani mnzanu amene anaigwirapo ntchitoyi akhale pambali panu. Ndipo inu a kabaza, muzipatula kangachepe pa ndalama ya tsiku lililonse kuti tayala likamatha ya latsopano ikhale ilipo kale. Amene mumawanyamula ndi makolo, ana ndi amayi oyembekezera a eni ake, ndipo kwanu nakonso akukudikirani. Musakweze munthu pa tayala limene inu eni mukulikayikira.